Thabwa Nambala Seveni

Anamubweretsa pa wilibala ngati mchenga.

Linali Lachiwiri, nthawi itangopitirira 3 koloko masana. Make Mapasa ankayanika zovala kuseri kwa nyumba pamene anamva tayala likulira pakhomo. Atazungulira, anapeza amuna awiri otuwa ndi simenti akutsitsa mwamuna wake. Miyendo yake inkangolendewera.

"Chachitika n'chiyani?"

"Muwafunse okha akatsitsimuka, mlamu," anatero mmodzi, maso ali pansi. "Ife tangotumidwa."

Sanadikire ngakhale madzi akumwa. Anatembenuza wilibala n'kuliyatsa liwiro.

Ku depoti ya simenti mwamunayo ankamutchula Thirakitala. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankasenza matumba kuchokera m'nyumba yosungira katundu kukakweza m'malole, ndipo tsiku limene wadzuka bwino ankanyamula awiri nthawi imodzi, uku akuimba mluzu. Tsopano anali gone pasimenti ya pakhonde pake, akupuma ngati mwana wodwala chifuwa.

"Thabwa, amake mapasa," ananong'ona. "Nambala seveni. Lathyoka ndili pakati."

Mkaziyo ankaidziwa ntchito ya mwamuna wake. Khonde lokwezera katundu ndi lalitali kufika m'chifuwa mwa munthu. Lole imaima chapatali pang'ono, ndiye amayala thabwa kuchokera pakhonde kufika m'lole, wosenza n'kuwolokera pomwepo, thumba lili paphewa. Thirakitala anagwa chagada, thumba n'kumutsatira.

"Kalaliki walemba m'buku la ngozi," anatero akukukuta mano. "Ndamuona ndi maso anga. Kenako Kapitawo wabwera, akuti munyamuleni, mudutsire geti lakumbuyo."

"Lakumbuyo? Bwanji osati kuchipatala?"

Mwamunayo anatseka maso. Anali atakomokanso.

Kuchipatala anajambula msana. Dokotala anakweza chithunzicho pawindo n'kuloza mafupa awiri osweka. Analozanso ena pamwamba pake, akuti awa ndi operepeseka kalekale, chifukwa msana wa munthu wosenza katundu zaka khumi sungafanane ndi wa khanda.

"Koma mulembe kuti wavulalira kuntchito," anatero Make Mapasa.

"Ine ndilemba kuti wagwa, mayi. Kumene wagwerako chithunzi sichinena."

Panapita milungu isanu ndi umodzi. Lachinayi lina, 10 koloko mmawa, anawaitana ku ofesi ya zantchito kuti akamve za chipukutamisozi. Make Mapasa anabwereka chikuku kwa anthu a kutchalitchi, n'kumukankha mwamuna wake mpaka m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali ndi fani yosazungulira. Kapitawo anali atafika kale. Anali munthu wamfupi, wa kamimba, atavala jekete lonunkhira mankhwala a njenjete. Anawapatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kugwira pamtima.

Ndiye anayamba kunama, ndipo ankanama mokoma ngati akuwerenga vesi.

"Bwana, munthu uyu anaweruka 12 koloko tsiku limenelo. Anati akukakonza denga kwawo. Za kugwazo ine ndinazimva mawa lake, ndipo mtima unandiwawa kwambiri."

"Bodza!" anakuwa Thirakitala. "Thabwa nambala seveni! Funsani buku!"

Buku la ngozi linatsegulidwa. Linalibe kanthu pa tsikulo. Kalaliki wa depoti, munthu wowonda wovala magalasi, ankangoyang'ana zikhadabo zake. Woyendera malo a ntchito anaimirira n'kunena kuti anapitako yekha, ndipo thabwa nambala seveni analipeza lathunthu, lowala ndi penti yachikasu. Anzake a Thirakitala anaitanidwa atatu. Onse sanaone kanthu. Nanga akanaona bwanji? Mmawa uliwonse amaima pageti, ndipo amene walozedwa ndi chala cha Kapitawo ndiye amagwira ntchito tsikulo. Amene sanalozedwe amabwerera kunyumba manja lende.

Mkulu wa ofesiyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Lamulo limathandiza wovulalira pantchito. Pano umboni palibe. Komanso kalata ya dokotala ikuti msanawu unayamba kutha kale. Pepani, bambo."

Pamasitepe, Make Mapasa akulimbana ndi chikuku, Kapitawo anaima pambali pake. Sanathandize kunyamula. Anangowerama pang'ono n'kulankhula motsitsa.

"Musavutike, amayi. Msana ulibe chidindo. Ukhoza kuthyokera paliponse."

Anatsika masitepe akugwedeza makiyi.

Tsiku limenelo Thirakitala analira. Sanalire pamene anagwa, sanalire kuchipatala, koma analira atatchedwa wabodza pamaso pa anthu amene anawasenzera katundu zaka zonsezi. Anatembenukira kukhoma kuti mapasa asamuone.

"Zaka khumi ndi chimodzi sindinabepo ngakhale supuni ya simenti," anatero. "Lero ndine wakuba?"

Make Mapasa sanalire nawo. Misozi inali itamuthera, m'malo mwake munalowa chinthu china chouma, chotentha. Ankachimva akamamusambitsa mwamuna wake, akamamutembenuza kuti asachite zilonda, akamataya chitini cha mkodzo. Ankamuda Kapitawo. Ankamuda ndi mtima wonse, mopanda manyazi, ndipo akagwada kupemphera nkhope yake ndi imene inkabwera, ikugwedeza makiyi.

Loweruka anapita kumsika n'kugula mankhwala a makoswe.

"Ndi ambiri makoswewo?" anafunsa wogulitsa.

"Ndi limodzi. Koma lalikulu."

Mwamuna wake ankakonda kusimba za kuntchito, choncho ankadziwa zonse za Kapitawo. Ankadziwa kuti mmawa uliwonse, hafu pasiti sikisi, asanaloze anthu pageti, amayamba wamwa tiyi pa kashedi ka mayi wina amene onse ankamutchula Anatiyi. Ankadziwanso kuti ali ndi kapu yakeyake, yaikulu, yofiira, yopachika pamsomali, imene munthu wina samwera.

Lolemba, 6 koloko isanakwane, Make Mapasa anali atafika pashedipo. Anamanga mpango mpaka pamphumi. Kapepala ka mankhwala kanali m'dzanja lake lamanja.

"Tiyi wa mkaka kapena wopanda?" anafunsa Anatiyi, mayi wonenepa amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Wopanda."

"Khalani pabenchi yatsopanoyo, achemwali. Inayo ndi yogwedera, ingakuchititseni manyazi."

Anakhala. Maso ake anali pa kapu yofiira. Anayeza ndi maso mtunda wa pakati pa benchi ndi msomali. Anatiyi atatembenuka kukoleza moto, iye anadzuka, koma nsalu yake inakana. Inali itakodwa kunsi kwa benchi. Anatukwana chamumtima n'kuwerama kuti aikodole.

Pamwamba benchiyo inali yachikasu, yosalala. Kunsi kunalibe penti. Mtengo wake unali wakuda, wofumbwa, ndipo pamng'alu wautali panali kachidutswa ka lata kokhomedwa ndi misomali yopindika. Mbali imodzi inali yosongoka, ya thabwa lothyoka osati lochekedwa. Mbali inayo, kumapeto kwenikweni, panali nambala yowotchedwa ndi chitsulo cha moto.

Seveni.

Anakhalanso pang'onopang'ono.

"Benchi yabwino," anatero. "Munaigula kuti?"

"Kugula? Ndi mphatso imeneyo, ya Mlonda wa padepotipa." Anatiyi anaseka uku akukupiza moto. "Akuti anauzidwa kuti aliwotche. Tamvani zimenezo! Kuwotcha thabwa lonseli? Anthu ena zinthu zinawakwana. Ndiye mkulu uja anati ayi, ine sindingachite tchimo limenelo. Theka anandipatsa ine, theka lina amagonera m'kanyumba kake. Ine ndimangomutsirako katiyi."

"Anakupatsani liti?"

"Mwezi wathawu usanayambe. Ija sabata anavulala Thirakitala ija. Koma zimenezo sitilankhula pano, achemwali, makoma ali ndi mabowo."

Nthawi yomweyo kunamveka makiyi. Kapitawo anafika, n'kudziponya pabenchi pomwepo, pambali pa Make Mapasa. Sanamuyang'ane n'komwe. Anthu ngati iye sayang'ana nkhope ya mkazi wa wantchito kawiri. Anatiyi anatsitsa kapu yofiira, kuidzaza, n'kuiika pabenchi pakati pa awiriwo. Kapitawo anatembenuka kukalipira anyamata amene ankakankhana pageti.

Kapu inali apo, ikutuluka nthunzi. Kapepala kaja kanali kadakali m'dzanja la Make Mapasa. Kunali kungotambasula zala basi.

Anayang'ana khosi lonenepa la munthuyo. Mankhwalawa akanamupweteka tsiku limodzi lokha. Mawa lake anthu akanamuimbira nyimbo, kampani n'kugula bokosi, m'busa n'kunena kuti anali munthu wabwino. Ndipo Thirakitala akanakhalabe wabodza mpaka kumanda. Tsiku limodzi linali lochepa kwambiri.

Anamwa tiyi wake mpaka kutha. Anamusiya Kapitawo atakhalira umboni wake womwe, akupemerera kapu.

Pofika 8 koloko anali kupolisi. Anamulowetsa kwa sajeni wina wa imvi amene ankasenda pensulo ndi lezala. Sajeniyo anamvetsera theka la nkhaniyo n'kupukusa mutu.

"Izi ndi za ku ofesi ya zantchito, mayi. Ife sitiweruza misana."

"Munthu analumbira bodza. Anang'amba buku. Analamula kuti thabwa liwotchedwe. Zimenezo si zanu?"

"Umboni uli nawo?"

"Anthu akumwerapo tiyi panopa."

Sajeni anaseka pang'ono n'kubwerera ku pensulo yake. Make Mapasa anatambasula dzanja n'kuika kapepala patebulo.

"N'chiyani chimenechi?"

"Mankhwala a makoswe. Mmawa uno ndinakhala naye benchi imodzi, kapu yake ili pakati pathu. Ndiye musankhe, bwana. Mukamugwire iyeyo lero chifukwa cha thabwa, kapena mudzandigwire ine mawa chifukwa cha ichi. Kwa ine n'chimodzimodzi."

Sajeni anasiya kusenda. Kenako anatenga kapepalako, kukaponya m'dirowa n'kukiya.

"Zimene mwanenazi sindinazimve. Konsitebo! Tenga galimoto."

Benchi anainyamula 11 koloko, Anatiyi akukuwa kuti makasitomala ake akhala pati. Mlonda anamupeza atagona m'kanyumba kake, paja amaweruka mmawa. Anamudzutsa n'kusolola thabwa kunsi kwa bulangete. Panja pa polisi anayala zidutswa ziwirizo pansi n'kuzikankhira pamodzi. Zinalowana ngati mano.

"Anakuuza ndani kuti uliwotche?" anafunsa sajeni.

"A Kapitawo, bwana."

"Nanga sunawotche bwanji?"

Mlonda anamuyang'ana sajeni ngati wafunsa zopusa.

"Thabwa, bwana? Ine zaka zisanu ndakhala ndikugona pasimenti."

"Nanga seveni amene ali kudepotiko ndi wotani?"

"Ndi wa penti ameneyo. Nambala zenizeni amawotcha ndi chitsulo, matabwa akangofika. Uja anangomulemba ndi bulashi, woyendera asanabwere."

Masana anamuitana Kalaliki, buku la ngozi lili kukhwapa. Sajeni sanaliwerenge. Analigwira chikuto n'kuligwedeza. Tsamba limodzi lopanda kanthu linagwa pansi.

"Buku losoka ndi ulusi, ukadula tsamba kuno, linzake la mbali inayo limamasuka," anatero sajeni. "Lili kuti limene munadula?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Chabwino. Dzina lolembedwa pachikutopa ndi lako. Ugona muno, mawa udziwa."

Kalaliki anawerama. Anavula nsapato yakumanzere, n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi kunsi kwa chopondera. Kanali konunkha, koma kowerengeka. Tsiku, nthawi, dzina, ndi mawu akuti thabwa nambala seveni lathyoka munthu ali pakati.

"A Kapitawo anadula okha ndi lezala, n'kundiuza kuti ndikataye kuchimbudzi. Ndinadziwa kuti tsiku lina adzandikankhira ine."

"Ankabisa chiyani?"

"Matabwa, bwana. Kampani inatumiza atsopano asanu ndi limodzi chaka chatha. Iwo anagulitsa kwa kalipentala wa kuseri kwa msika. Akalewo anangowapaka penti. Eni kampani akanamva kuti thabwa lathyoka akanabwera kudzaona."

Make Mapasa anali pakhomo, akumva zonse. Ndiye kuti msana wa mwamuna wake unasanduka zitseko ndi mabedi a anthu ena. Anamuyang'ana Kalaliki mpaka munthuyo anabisa nkhope m'manja. Sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Kalipentala sanavute. Anaonetsa zotsalira za matabwa aja, nambala zowotcha zikadalipo.

Lachitatu, 2 koloko masana, galimoto ya polisi inalowa m'depoti. Sajeni anamuuza Make Mapasa kuti atsale pageti. Iye anavomera, kenako n'kuwatsatira.

Kapitawo anali pakhonde lokwezera katundu, akukalipira osenza. Ataona yunifolomu anasiya mawu ali pakamwa. Anathamangira ku masitepe, kunali konsitebo. Anatembenukira kuchitseko cha nyumba yosungira katundu. Osenza asanu anali ataima pamenepo, matumba ali paphewa. Palibe anawauza kuti atseke njira. Anangoima, osasuntha.

Njira inatsala imodzi. Thabwa lachikasu linali litayalidwa kuchokera pakhonde kufika m'lole, ndipo lole inaima mogundana ndi mpanda. Mapazi anayi pathabwa, kudumphira pampanda, n'kugwera mumsewu. Munthu wothamanga akanapulumuka.

Kapitawo anafika pathabwapo ali pa liwiro. Anaponda phazi limodzi. Thabwa linalira pang'ono. Anabweza phazi ngati waponda moto.

Anayang'ana pansi, pasimenti pamene panagwera Thirakitala. Anayang'ana mpanda. Anayesanso, n'kubwezanso.

"Bwanji, a Kapitawo?" anafunsa sajeni akukwera masitepe mosafulumira. "Wolokani. Si munalumbira kuti matabwa onse ndi olimba?"

"Bwana, tikambirane."

"Anthu awa amawoloka ndi thumba paphewa, kambirimbiri patsiku. Inu mulibe katundu. Wolokani."

Kapitawo anakhala pansi pakhonde, n'kutambasula manja. Unyolo utalira, makiyi ake anagwa. Palibe anawatola.

Wina mwa osenza aja anayamba kuseka, ndipo kuseka kunafalikira bwalo lonse. Mmodzi wa amuna awiri a wilibala aja anayandikira Make Mapasa.

"Mlamu, ife tinali ndi mantha. Tikanena tsopano."

"Mukanene," anayankha osamuyang'ana. "Koma kwathu musadzabwere."

Ofesi ya zantchito inatsegulanso nkhaniyo. Nthawi ino mboni zinachuluka mpaka mipando kuchepa. Panali kukangana ndithu, loya wa kampani akuumirira kuti msanawo unali wotha kale. Dokotala anaitanidwa, n'kunena kuti wotha kapena wosatha, munthuyu ankanyamula nawo matumba awiri mpaka tsiku limene thabwa linathyoka, ndipo unatheranso pantchito yomweyo. Kalata inafika patapita mwezi. Thirakitala anaiyang'ana ali chogona.

"Werenganso pamene paja, amake mapasa."

"Wavulala ali pantchito."

"Werenganso."

Anawerenga kanayi. Mwamunayo anaipinda n'kuiika pansi pa pilo. Madokotala anati ndi ndodo ziwiri adzayenda pang'ono, kuchokera pabedi kufika pakhonde. Thumba sadzanyamulanso, ngakhale kunyamula mapasa ake omwe. Zimenezo palibe kalata ikanazikonza, ndipo Make Mapasa sanayerekeze kuti mtima wake wapola.

Mlandu wa Kapitawo unatha Lachisanu lina, 11 koloko isanakwane. Kuba matabwa, kuwononga umboni, kulumbira bodza, ndi kuvulaza munthu chifukwa chosasamala. Woweruza anamupatsa zaka zinayi akugwira ntchito yakalavula gaga. Kalaliki anapulumuka ndi chenjezo chifukwa anachitira umboni boma, koma ntchito inamuthera.

Make Mapasa anadikira pamasitepe a khoti. Anamutulutsa Kapitawo atamumanga pamodzi ndi wakuba mbuzi. Jekete lija linali litamukulira. Nthawi ino anamuzindikira.

"Amayi," anatero, "inenso ndili ndi ana. Mundikhululukire."

Make Mapasa anayandikira mpaka wapolisi anatambasula mkono. Anawerama pang'ono n'kulankhula motsitsa, monga mmene iye analankhulira tsiku lija.

"Kumene mukupitako akuti amasenzetsa matumba. Muzipinda mawondo ponyamula, a Kapitawo. Mukagwa, palibe adzalembe. Msana ulibe chidindo."

Anatsika masitepe osacheuka. Nthawi yomutembenuza mwamuna wake inali itakwana.